Mkanda Woyera M'galasi

"Ndi nyumba imeneyi?" adafunsa Anastazia akudzikupiza ndi nsonga ya chitenje. "Amuna anu amadzithira perefyumu Loweruka lililonse kuti adzalowe m'bwinja limeneli?"

Eveless adaima pageti akuiyang'ana nyumbayo monga momwe munthu amayang'anira galu wa eni ake amene sakuuwa. Inali nyumba ya nthawi ya atsamunda, ya njerwa zofiira, denga la malata a dzimbiri ndi khonde lalikulu lozungulira mbali zonse. Idakhala payokha kuseri kwa mashopu a ku Area 1, pansi pa mitengo ya jakaranda, ngati kuti phokoso la maminibasi ndi mavenda silikuikhudza. Pakhoma padalembedwa kuti muno ndi mosungiramo zinthu zakale za m'chigawo chapakati. Anthu ankangoti kumyuziyamu.

"Amwali, ndikulankhula ndi inu."

"Khoswe sayang'ana utoto wa nyumba," adatero Eveless. "Amayang'ana zomwe zili m'katimo. Tiyeni."

"Dekhani kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukalowa ndi nkhope imeneyo, mkaziyo adziwiratu kuti mwini mbale wafika. Ife ndife alendo, tabwera kudzaona mbiya. Dzina lanu musatchule."

Awiriwa adakulira limodzi ku Nsaru ndipo adalangizidwa pa mphasa imodzi. Anastazia ankagulitsa zitenje m'shopu yake pafupi ndi msika. Adakwatiwapo kawiri, choncho pa nkhani za amuna ankadziona ngati loya. Eveless adakwatiwa kamodzi kokha, ndi a Greenwell Harawa a ku Rumphi, bambo amene adagwira ntchito ya boma ku Kapitolo mpaka imvi zidadzaza mutu. Adamanga nyumba ku Area 47, ana adakula n'kukayamba awo mabanja, m'nyumbamo mudatsala anthu awiri ndi wailesi.

Vuto lidayamba a Greenwell atapuma pantchito. Bambo amene ankangoswera pakhonde ndi nyuzipepala adayamba mwadzidzidzi kuimba m'bafa. Adagula malaya atsopano. Loweruka lililonse ankapukuta okha nsapato n'kunena kuti akupita ku komiti ya myuziyamu, ndipo foni ikalira ankatuluka nayo panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kumati, "Yewo, Janeth." Mkazi wawo sadamuitanireko kumyuziyamuko n'kamodzi komwe.

Poyamba Eveless adakondwa, kalanga iye. Adaganiza kuti mvula yomwe idadula kalekale m'nyumba mwake yayambanso kuchita mitambo. Adapita kuchipinda, adatsitsa sutikesi yakale pamwamba pa wadiropu, n'kupisa dzanja pansi penipeni pomwe ankasunga kampango kobiriwira. Kampangoko panalibe.

M'kampangomo munali mikanda yomwe azakhali ake adam'patsa ukwati uli pafupi: ya m'chiuno yamitundumitundu, ndi ina iwiri yolankhulira. Wofiira ukapachikidwa pamsomali wa kumutu kwa bedi, mwamuna amadziwa kuti mkazi ali kumwezi, agone moyang'ana kukhoma. Woyera ukapachikidwa, amadziwa kuti njira yayera. Woyerawo udadukapo ali m'kanyumba kawo koyamba ka lendi ku Falls. A Greenwell, amene nthawi imeneyo anali mnyamata wa manja osakhazikika, adakwawa pansi pa bedi kutola mikandayo umodziumodzi, adaitunga okha, ndipo posowa chomangira adadula batani la malaya awo a khaki n'kulisokerera kumapeto. Tsiku limenelo adaseka mpaka eni nyumba adagogoda khoma.

Koma zaka zimadya zinthu mwakachetechete. Idafika nthawi imene woyerawo unkakhala pamsomali mpaka kuchita fumbi, bambo akungolowa, kuika magalasi patebulo, n'kugona. Eveless adachita manyazi kudandaula, chifukwa mikanda adaipangira kuti pakamwa pasanene. Adangoichotsa, n'kuikulunga m'kampango, n'kuibisa. Pamsomalipo a Greenwell adapachikapo kalendala.

"Bambo a Caleb, mwaonako kampango kanga kobiriwira?" adawafunsa tsiku lomwe adapeza kuti kasowa.

"Ine za m'masutikesi ndizidziwa bwanji, mama?" adayankha maso ali pafoni. Koma khutu lawo lidagwedezeka, ndipo Eveless ankalidziwa khutu limenelo.

Anastazia atamva nkhaniyi sadachedwe kugamula. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mikanda yanu ili m'manja mwa Janeth ameneyo. Kaya akuvala, kaya anapita nayo kwa sing'anga, koma n'chimodzimodzi. Akaimanga, bambowo azikuonani ngati mlongo wawo mpaka kumanda." Eveless anali mayi wa mpingo, ndipo za asing'anga ankazikana pamaso pa anthu. Koma mantha safunsa kuti munthu amapemphera kuti. N'chifukwa chake Loweruka limeneli, a Greenwell atangotuluka ndi galimoto, iye adavala mpango, adakwera minibasi, n'kukam'tenga mnzake kushopu.

Pakhonde adawalandira mayi wamtali wa zaka za m'ma folote, wovala buluku la jinzi ndi malaya oyera, makiyi ambiri akulendewera m'khosi.

"Takulandirani, amayi. Ine ndine Janeth Nyasulu, woyang'anira malo ano. Mwabwerako kale?"

Anastazia adam'ponda Eveless chala.

"Koyamba," adatero Eveless. Maso ake adatsika okha kuchoka pankhope ya mayiyo mpaka m'chiuno. Malayawo anali omasuka, osaonetsa kanthu.

"Ndiye ndikuyendetsani ndekha. Amene amafotokoza bwino ndi bambo wathu a Harawa, koma apita kukatenga gulu la anzawo. Afika posachedwa."

"Bambo wanu?" adafunsa Anastazia mokoma ngati shuga.

"Timangowatchula choncho. Bambo amenewo ndi dalitso. Denga likadontha, iwo. Alendo akachuluka, iwo. Pakanapanda iwo, ine bwenzi nditathawa kale."

"Eeh, amuna othandiza ndi osowa masiku ano," adatero Anastazia. "Akazi awo ndi amwayi."

"Sindinawaonepo. Amati sakonda zoyendayenda."

Iye Eveless, amene ankayenda wapansi kuchokera ku Nsaru mpaka kuchigayo cha kutsidya, mtolo pamutu, lero sakonda zoyendayenda!

Adalowa. M'katimo munkanunkha polishi ndi mileme, ndipo matabwa a pansi ankalira munthu akaponda, ngati nyumbayo ikudandaula kuti alendo achuluka. Janeth adafotokoza kuti kale munkakhala mzungu wina wa boma ndi banja lake, ndipo anthu akuda ankalowera khomo la kumbuyo, chipewa chili m'manja.

"Agogo anga anaphikirapo azungu," adatero Anastazia. "Akanaona kuti ine ndalowera kutsogolo ndi masilipasi, bwenzi atakomoka."

Chipinda choyamba chinali cha makasu osula, mivi, mikondo ndi mfuti za gogodela. Chachiwiri chinali cha machila onyamulira azungu, njinga ya mesenjala wa boma yopanda matayala, ndi zithunzi za amuna oonda ataima pafupi ndi zigafa za fodya. Janeth ankalankhula mwachikondi, akusisita chinthu chilichonse ngati mwana. Eveless sadamve n'chimodzi chomwe. Iye ankawerenga zina. Adaona kuti pakhomo la ofesi pali jekete ya a Greenwell, ija ankati adaiiwala kudirayikilina. Adaona kapu yawo ya tiyi, ya duwa labuluu, imene adam'kalipira mwana wa mlongo wake kuti waswa. Pawindo panali wailesi yaing'ono yomwe idasowa kukhitchini. Mwamuna wake ankasamuka pang'onopang'ono, ngati nyerere zikututa shuga.

Janeth adawerama kuti atole kapepala pansi. Malaya adakwera pang'ono kumbuyo. Amayi awiriwo adasuzumira limodzi, mitu kutsala pang'ono kugundana. M'chiunomo munalibe kanthu, lamba yekha.

"Wavula," Anastazia adanong'ona. "Galu wamkota sakandira pachabe. Ilipo penapake."

"Mwati bwanji, amayi?"

"Ndikuti mbiyazi n'zokongola."

"Ndiye simunaone kanthu. Bwerani muone chipinda chathu chatsopano. Tachitsegula mwezi wathawu."

Chinali chipinda cha kumapeto kwa kakhwalala, chomwe kale chinali chogona cha mkazi wa mzunguyo. Pakona panali kankhokwe kolukidwa bwino, kotalika kupitirira munthu. Panali mtondo ndi musi, lichero, zipande, mphasa yoyala ndi mkeka wopinda. Pakati pa chipindacho, pomwe kuwala kwa pawindo kumagwera, panali bokosi lagalasi.

Eveless adayandikira chifukwa Janeth adayandikira. Kenako adasuzumira m'galasimo.

Pansalu yakuda, yokhomedwa ndi timapini ngati agulugufe, panali mikanda. Ya m'chiuno adaitambasula mozungulira, kukula kwake konse kwa chiuno chake kukuonekera poyera kuti aliyense wodutsa ayeze ndi maso. Kumanzere kunali wofiira. Kumanja kunali woyera, ndipo kumapeto kwake kunali batani la khaki, losweka pang'ono m'mphepete. Kampango kobiriwira adakapinda bwinobwino n'kukaika pambali.

Anastazia adagwira pakamwa. "Mayo ine," adatero motsitsa.

"N'zokongola, eti?" adatero Janeth monyadira. "Anthu amaima pamenepa nthawi yaitali kuposa paliponse. Ena amajambula ndi mafoni. Zoterezi n'zovuta kupeza, amayi safuna kupereka."

"Nanga izi munazipeza bwanji?" Eveless adafunsa.

"Anatipatsa a Harawa. Inali ya mayi wina wa kuchikazi kwawo, amene anatisiya kalekale. Akuti panalibe woitenga, ikanangotayika."

"Anatisiya."

"Eya, ndi malemu. Mzimu wawo uziusa mumtendere."

Panja padalira hutala ya galimoto. Janeth adasuzumira pawindo. "Afika! Pepani amayi, ndikawalandire. Musachoke, mumve momwe amafotokozera." Adatuluka makiyi akulira m'khosi.

Eveless adagwira m'mphepete mwa bokosilo. Adabwera atakonzekera nkhondo. Usiku wonse wathawo adakonza mawu omuuza mkazi wolanda mwamuna, adawanola mpaka kuthwa, ndipo tsopano analibe womulasa nawo. Mkazi mnzako umalimbana naye, umam'kokera kwa ankhoswe, mwina umapambana. Nanga galasi ungalimbane nalo bwanji? Sadalandidwe mwamuna ndi munthu. Mwamunayo adangomutenga iye wamoyo, ndi zonse za kuchipinda kwawo, n'kumuika pamodzi ndi mfuti za gogodela ndi njinga yopanda matayala. Zidamupweteka kuposa chibwenzi chimene ankachiopa chija.

"Amwali, tiyeni tizipita," adatero Anastazia, ndipo ulendo uno m'mawu ake munalibe nthabwala. "Tikakambire kunyumba."

"Ayi. Akuti amafotokoza bwino. Ndimve nawo."

Adam'kokera mnzake kuseri kwa kankhokwe kaja, n'kutsitsa mpango mpaka pachipumi.

Gululo lidayenda m'zipinda zina kaye. Matabwa ankalira, anthu ankaseka, ndipo pamwamba pa onsewo pankamveka mawu a a Greenwell, amphamvu, osangalala, mawu amene kunyumba adasiya kumveka kalekale. Kenako bambowo adalowa chambuyo, nkhope ili kwa alendo, kandodo kolozera kali m'manja. Alendowo anali anzawo opuma pantchito a ku Kapitolo ndi akazi awo. Eveless adazindikira ambiri. Kutsogolo kunali a Frazer, amene adadya m'nyumba mwake kosawerengeka, ndi akazi awo amene ankakhala naye benchi imodzi kutchalitchi.

"Tsono apa, abale anga, tafika pamtima penipeni pa banja," adayamba a Greenwell akugogoda galasi ndi kandodo. "Makolo athu analibe foni, koma uthenga unkafika. Kale, mayi sankalankhula za kuchipinda ndi pakamwa. Ankalankhula ndi izi. Akapachika wofiirawu pamsomali, ndiye kuti msewu watsekedwa, bambo ugwire mtima. Akapachika woyerawu..." adaima kaye kuti anthu amwetulire, "ndiye kuti bambo usachedwe kubawo."

Amuna adaseka mpaka ena kupukuta misozi. Amayi adaseka chobisa, akuyang'ana pansi.

"Choncho mwamuna wanzeru akalowa kuchipinda ankayamba wayang'ana pamsomali. Umenewo unali ulemu. Ana a masiku ano sazidziwa zimenezi. Zinatha. N'chifukwa chake tazisunga muno."

"Koma mukuzidziwa bwino, a Harawa," adatero a Frazer akutsinzinira anzawo. "Inu a ku Rumphi, sukulu imeneyi munaphunzira kuti?"

"M'mabuku, achimwene. Munthu amawerenga."

"Nanga chiuno chimenechi," a Frazer adawerama pagalasi, "mwini wake sanali wamasewera ayi."

Kuseka kudabukanso. A Greenwell nawo adaseka.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso."

Mitu yonse idatembenukira kukankhokwe. Eveless adatulukira poyera, adakankhira mpango kumbuyo, manja adawapinda pamimba monga amachitira pofunsa funso ku msonkhano wa amayi.

"Nanga woyerawo ukakhala pamsomali mpaka akangaude kumangapo nyumba, mwamuna osatukula mutu n'kamodzi komwe, mabuku anuwo amati chiyani?"

Kandodo kadagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kukagunda mtondo. Khutu lija la a Greenwell lidagwedezeka.

"Mayi Harawa!" adatero akazi a a Frazer.

Janeth adayang'ana uku ndi uku. "Mukudziwana?"

"Mwanawe," adatero Eveless mofatsa, "malemu aja ndine."

Amuna adachedwa kumvetsa, monga mwa nthawi zonse. Amayi adamvetsa nthawi yomweyo. Anastazia adamasula chitenje chake chapamwamba n'kuchiponya pagalasipo, adachikoka mbali zonse mpaka bokosi lonse lidabisika, monga amachitira mayi mnzawo akagwa pamsewu nsalu n'kumuvuka. Akazi a a Frazer adawagwira amuna awo pamkono.

"Tulukani."

"Koma ine sindimadziwa kuti..."

"Ndati tulukani! Mwayeza zokwanira."

Mayi aliyense adakoka wake. Padangomveka matabwa akulira m'kakhwalala, popanda wotsokomola. M'chipindamo mudatsala anthu anayi.

"Mama," adayamba a Greenwell, "tikambirane kunyumba."

"Kunyumba? Za kunyumba munazibweretsa kuno nokha. Tikambira konkuno."

"Sindinaganize zoipa. Janeth amasowa zoika m'chipinda chino. Ine ndinaona kuti inu munasiya. Munazichotsa nokha pamsomali, mama. Zinangokhala m'sutikesi zaka zonsezi. Ndinati kusiyana n'kuti ziwonongeke, bola ana adzaphunzirepo chikhalidwe."

"Ndinazichotsa chifukwa ndinatopa kuzipukuta fumbi."

A Greenwell adayang'ana nsapato zawo zonyezimira.

"Ndinakufunsani za kampango. Munati chiyani?"

"Ndinachita mantha."

"Nanga kundipha? Munachitanso mantha?"

"Ndikanati ndi ya akazi anga, anthu akanaseka."

"Lero sanaseke?" Eveless adakweza mbali imodzi ya chitenje chija n'kuloza ndi chala. "Bwerani. Yang'anani apa. Batani ili ndi la malaya a ndani?"

Bambowo adayandikira, adakonza magalasi, adawerama. Adakhala chowerama nthawi yaitali. Eveless adadziwa kuti mpaka lero anali asanalione batanilo. Adalinyamula m'thumba kuchokera ku Area 47, adathandiza kulikhoma ndi pini, adaliloza ndi kandodo Loweruka ndi Loweruka, koma osaliona. Chimenechi ndicho chidamaliza kumuswa mtima.

"Ku Falls," adatero a Greenwell chapansipansi.

"Eya, ku Falls. Buku lanu lija."

Janeth anali akulira mwakachetechete. "Amayi, ndikhululukireni. Ndikanadziwa kuti mwini wake ali moyo, sindikanaikhudza n'komwe. Inenso ndili pabanja. Ndikudziwa."

"Chosadziwa anausa pamanda," adatero Anastazia. "Tsegulani, asisi. Ife tinabwera kudzakuthyolani khosi, koma mwapulumuka."

Janeth adatsegula bokosilo pansi pa chitenje, osachivundukula, n'kuchotsa timapini timodzitimodzi. A Greenwell adatambasula dzanja kuti athandize. Anastazia adangowayang'ana, dzanjalo lidabwerera m'thumba.

Eveless adayala kampango kake pamphasa. Adaikamo ya m'chiuno. Adaikamo wofiira. Woyerawo adaugwira m'manja, chala chikusisita batani, ndipo kwa kanthawi adafuna kungoukulunga pamodzi ndi inzake kuti zithe, apite kwawo, akaphike, moyo upitirire monga kale. Koma monga kale ndiye chinali chiyani? Kalendala pamsomali?

Adaupereka kwa Janeth.

"Uwu usunge iwe."

"Amayi, sindingathe. Ndi wanu."

"Sindikuti uike pagalasi. Uukulunge, uutsekere m'kabati mwako, pasapezeke wouona. Bambowa anautulutsa m'nyumba mwanga okha, popanda kufunsa. Ngati akuufuna ubwerere, adzabwere ndi ankhoswe, a kwawo ndi a kwathu, adzanene pamaso pawo kuti ine ndili moyo. Akatero uwapatse. Akabwera okha, ngakhale atagwada, usawapatse."

"Mama, ankhoswe pa msinkhu wathu uno?" adatero a Greenwell. "Tili ndi zidzukulu. Anthu adzati chiyani?"

"Adzati malemu wadzuka."

Adamanga kampangoko, adakaika m'chikwama, n'kutuluka. Pakhonde alendo aja adapatuka kum'patsa njira, amuna maso ali kumitengo ya jakaranda ngati ayamba kuiona lero. Galimoto ya a Greenwell inali pageti. Eveless adaidutsa. Adam'perekeza Anastazia mpaka kushopu, ndipo mnzakeyo, amene pakamwa pake sipankatsekeka chibadwire, adangom'finya dzanja.

Dzuwa linali litapendeka pamene adafika ku Area 47. Sadapite kukhitchini. Adalowa kuchipinda, adachotsa kalendala ija pamsomali n'kuiika patebulo pomwe a Greenwell amaika magalasi. Za kumwezi adasiyana nazo kale, ndipo mwamuna wake ankadziwa zimenezo. Komabe adatulutsa wofiirawo, adaupukuta ndi nsonga ya mpango, n'kuupachika. Kenako adakhala pampando wa pawindo n'kuyamba kupinda zovala.

Galimoto idalowa patapita nthawi. Adamva chitseko cha pabalaza, adamva nsapato zikubwera pang'onopang'ono m'kakhwalala, zikuima, zikuyambanso. A Greenwell adaima pakhomo la chipinda, jekete ija ili pamkono, kapu ya duwa labuluu ili m'manja. Sadayang'ane mkazi wawo. Adatukula mutu n'kuyang'ana pamsomali, ndipo adauwerenga uthengawo bwinobwino, popanda buku.

Adaika kapuyo pansi pafupi ndi chitseko, osalowa. Posakhalitsa Eveless adawaona pawindo ataima pansi pa mtengo wa mapeyala, foni ili kukhutu. Sankaseka. Ankalankhula Chitumbuka motsitsa mawu, chipewa chili m'manja, ndipo adamva akutchula dzina la akulu awo a ku Rumphi, nkhoswe ya ukwati wawo.

Eveless adatseka windo n'kupitiriza kupinda zovala. Wofiirawo adausiya pomwepo.